Mpando Wofiira wa Apongozi

Chaka chachitatu ndili pachikamwini kwa Mposa ndinali nditatopa nazo. Ndine kalipentala, koma m'mudzimo ntchito yanga inali yozika mipini ndi kukonza zitseko za azilamu, popanda ndi zikomo yemwe. Mnzanga wina anali atandipezera malo pansi pa mtengo wa mango ku Balaka, kufupi ndi siteshoni, pomwe anthu apantchito amagula mabedi. Chotsala chinali chimodzi basi: apongozi anga aakazi alole kuti mwana wawo ndimutenge. Amalume a mkazi wanga ankangoti tamva, chifukwa pakhomo paja mawu otsiriza anali a mlongo wawo.

Vuto n'lakuti kumeneko mkamwini sayankhulana ndi apongozi maso ndi maso. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira m'tchire ngati ndaba nkhuku. Ndiye ndinati popeza pakamwa n'poletsedwa, ndiwakhomere mpando wotsamira, mtima wawo ufewe.

Matabwa a mbawa ndinalibe. Ndinali ndi malaina, oyera mbee ngati chinangwa chosenda. Ndinawapala ndi chidutswa cha botolo masiku awiri, kenako sandipepa, mpaka dzanja linkangotererapo. Amene anandiphunzitsa ntchito ankati thabwa umalidyetsa phula la njuchi losungunula ndi palafini pang'ono, n'kupukuta ndi kansanza mpaka phewa liwawe, mawa lake ubwerezenso. Zimenezo ndinkazidziwa bwino lomwe. Koma phula silisintha mtundu wa thabwa, pomwe ine ndinkafuna apongozi aone mbawa. Ndinagula polishi wofiira, uja amapaka pasimenti, n'kusakaniza ndi phulalo. Mpando unafiira psuu, uku ukunyezimira. Ndinadzitama, sindibisa.

Lamlungu m'mawa, mkazi wanga atapita kumjigo, ndinakauika pakhonde pa apongozi, ine n'kubisala kuseri kwa nkhokwe kuti ndione nkhope yawo. Anachedwa kutuluka, dzuwa n'kuyamba kuuwomba mpandowo. Kenako anatulukira atavala bulauzi yoyera ya amayi a kutchalitchi, yosita bwino. Anauzungulira, anaugogoda ndi chala, anakhala, n'kutsamira. Anamwetulira ndithu, ndinaona ndi maso angawa. Atadzuka, kumsana kunali mizere inayi yofiira, yowongoka bwinobwino, pakuti ine ntchito yokhota sindigwira.

Ndinatsegula pakamwa, koma ndikanati chiyani? Mkamwini ayambe kuuza apongozi za kumsana kwawo? Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso, mwamphamvu. Iwo atazindikira kuti kuseri kwa nkhokwe kuli mkamwini, anakokera mpango kumaso mwaulemu n'kuyenda mofulumira kuti andipatse mpata.

Ndinathamangira kumjigo. Pomwe mkazi wanga ankamaliza kufunsa kuti mizere yanji, ya chiyani, mwapaka chiyani inu, belu linali litalira kale. Ndipo apongozi anga sanali munthu wokhala kumbuyo m'tchalitchi. Malo awo anali benchi yakutsogolo, msana kwa mpingo wonse. Ndinamva pambuyo pake kuti ena ankafunsana ngati yabwera yunifolomu yatsopano.

Tsiku lonselo ndinakhala m'nyumba ngati wodwala. Chakumadzulo mkazi wanga anabwera kuchokera kwa amayi ake, n'kukhala pamphasa osandiyang'ana.

"Akuti bwanji amayi?" ndinafunsa.

"Akuti mumange katundu wanu."

Ndinati basi, banja latha chifukwa cha kachitini ka polishi.

"Ndipite ndekha?"

"Iyayi. Akuti munditenge ndi ine ndemwe, tizipita ku Balaka sabata yomwe ino. Akuti mukakhalitsa kuno mudzawapakira bokosi, akafike kumwamba ali ndi mizere."

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinayamba kumufotokozera za nyumba ya lendi, za mabedi, za njinga imene ndidzagule, pakamwa osatseka. Nditacheuka ndinapeza akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, maso ali kumunda kwake kumene anali atangodzala nandolo.

Kuseka kunandithera pomwepo, manyazi n'kundigwira. Zaka zitatu ndinkasowa tulo ndi m'mene ndingapemphere munthu amene mwambo unkandiletsa kuyankhula naye. Uyu amene ndinkagona naye mphasa imodzi, palibe anandiletsa kumufunsa ngati akufuna kupita, ndipo sindinamufunsepo.