Chilatini cha Amalume

Amene anandilakwira ndi amalume anga, aja anaphunzira kuseminale. Dzulo atafika kwathu ku Manja, fungo la mankhwala a njenjete pa jekete yawo linandibwezera kale.

Ndili mwana, amayi atagonekedwa kuchipatala, ndinkaswera pamsewu kusuzumira minibasi iliyonse. Tsiku lina amalume anandikhazika pamiyendo nati, "Iwe ndiwe sollicitus. M'Chilatini, sollus ndi wathunthu, citus ndi wogwedezeka. Munthu wankhawa amagwedezeka yense. Khazikika, akubwera."

Ndinanyadira, kuyesa andipatsa dzina laulemu. Chonsecho amayi anali atamwalira m'mawa womwewo, iwo akudziwa.

Dzulo dzanja lawo sindinaligwire.

"Amalume, ine sukulu ndinasiyira panjira. Koma inu, ndi Chilatini chonsecho, mawu awiri okha akuti 'amayi amwalira' anakukanikani?"