Maliro a achemwali anandipeza ku Misuku

Ndinasamukira ku Misuku banja langa litangotha. Ntchito yanga yomasulira zikalata kuchokera m'Chingerezi siinkafuna ofesi, inkangofuna laputopu ndi intaneti. Ku Blantyre aliyense wokumana nane ankafuna kumva kuti chinatsitsa dzaye n'chiyani, ndipo ndinatopa n'kufotokoza. Mnzanga wina atandionetsa zithunzi za mapiri a kufupi ndi nkhalango ya Mughese, kumene alendo amapita kukapuma, ndinati ndipita kumeneko, kopanda wondifunsa kanthu.

Ndinayenda masiku awiri. Minibasi inandisiya pa mphambano ya msewu wa ku Chitipa, kenaka njinga yamoto inandikweza phiri, chikwama chili pamiyendo. Ndinachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye, mlimi wa khofi. Padenga panali sola yokwanira kutchajira laputopu dzuwa likawala. Mayiwa ankayankhula Chisukwa ndi Chitumbuka. Chichewa chawo chinali cha pamsika, chokwanira kundiuza kotunga madzi ndi tsiku lobwera wogulitsa matemba. Ine ndinkangodziwa "yewo" basi, zikomo wa m'Chitumbuka, ndipo ndinkayankha choncho pa chilichonse.

Netiweki inkagwira malo amodzi okha, pamwamba pa munda, patsinde pa mtengo wa mapeyala. M'mawa uliwonse ndinkakwera ndi kampando, nditavala majuzi awiri, n'kutumiza ntchito ya dzulo lake. Nkhungu inkakwera kuchokera kuchigwa n'kuphimba khofi yense, ine n'kumangomva mawu a anthu akulima koma osawaona. Misonkhano ya kuntchito ndinkachitira pomwepo, ndi anthu amene sindinagwiranepo nawo chanza. Ankati ndili ndi mwayi kukhala malo okongola chotero. Ndinkavomera. Foni ikaduka ndinkatsika, ndipo masiku ambiri Chichewa chokha chimene chinkatuluka pakamwa panga chinali cha ziganizo zimene ndinkadziwerengera mokweza poona ngati zikumveka.

Amene sankaphonya kundiimbira anali achemwali anga aakulu a ku Zomba, amene anandilera amayi atamwalira. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankaimba n'kundikalipira kuti munthu sachira pothawa anthu. Ankadwala shuga, koma za iwo sankafuna kukamba. Ndinawalonjeza kuti ndidzabwera pa Isitala.

M'mwezi wa Febuluwale mvula inagwa sabata yathunthu. Dothi linagumukira mumsewu, njinga zamoto zinasiya kukwera, ndipo netiweki inasowa masiku anayi. Ine nkhawa yanga inali pa ntchito imene inachedwa. Lachisanu masana kutacha pang'ono ndinakwera kumtengo kuja, foni n'kuyamba kunjenjemera osalekeza. Mauthenga anali ochokera kwa alamu anga ndi kwa mwana wawo wamkazi. Woyamba unkati achemwali agonekedwa. Wachitatu unkati ndiimbe msanga. Enawo sindinawawerenge mwadongosolo.

Anali atamwalira Lachitatu, ndipo nthawi imene ndinkaimbayo anthu anali kale kumanda. Mwana wa achemwaliyo anandiyankha akulira, nati, "Amayi aang'ono, takusakani paliponse. Dikirani ndikuonetseni." Anatembenuza foni. Ndinaona mapazi a anthu, mayunifomu oyera a amayi a mvano, ngodya ya bokosi. Chithunzi chinkaima, nyimbo n'kumadukaduka. Chitabwereranso, amuna anali akukwirira.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji pamenepo. Mayi mwini nyumba, pochokera kokadula nthochi, anandipeza nditakhala pamatope, kampando kali pambali. Anandifunsa m'Chitumbuka, ine ndinayankha m'Chichewa kuti achemwali anga amwalira ndipo aikidwa kale. Anatula mkoko wa nthochi uja, nandigwira dzanja kunditsitsira kunyumba.

M'mawa mwake ndinamva anthu pakhonde. Nditatsegula ndinapeza amayi asanu ndi awiri atakhala pamphasa, atafunda zitenje, ndipo amuna atatu anali chapatali pa benchi. Ena ndinkawadziwa nkhope chabe, ena ayi. Anabweretsa nkhuni, nyemba ndi mbatata. Mmodzimmodzi ankabwera kudzandigwira chanza n'kunena kuti "phepani". Kenaka anayamba nyimbo ya maliro m'chiyankhulo chawo. Mawu ake sindinawamve, koma maimbidwe ake anali omwe aja a kwathu, ndipo ndinalira mmene sindinathere kulira dzulo lake.

Bambo wina wachikulire, amene anagwirapo ntchito ya zankhalango ku Dedza, ndiye anandimasulira. Anati mayi mwini nyumba anazungulira m'makomo kuuza anthu kuti pakhomo pawo pagwa zovuta.

"Malemuwo sitikuwadziwa, mayi," anatero bamboyo, "komatu munthu salira yekha ali pakati pa anthu. Tiuzeni, anali munthu wotani?"

Ndinawauza. Ndinafotokoza za mmene achemwali anasiyira sukulu kuti ine ndiphunzire, za makina awo osokera, za ukali wawo. Bamboyo ankamasulira chiganizo chilichonse, amayi aja n'kumagwedeza mitu. Anakhala mpaka dzuwa litapendeka, kenaka anabalalika kukaona ziweto.

Msewu unatseguka patatha masiku asanu. Ndinapita ku Zomba, ndinaona manda, ndinagona masabata awiri m'chipinda cha achemwali. Alamu anati ndikhale konko, koma ndinabwerera kuphiri, ndipo chifukwa chake sindingachifotokoze bwino ngakhale lero. Ndinakhalako mpaka khofi atapsa mu Juni. Ndinathandiza kuthyola masiku angapo, manja osazolowera, ndipo amayi aja ankandiseka ndikasakaniza wofiira ndi wosapsa. Akaseka ndinkaseka nawo, ngakhale kuti zambiri zimene ankakamba zinkandipitabe.