Dzala Limene Silinathawe Nkhondo

Fungo la mpungabwi wonyowa limandibwezera kwathu ku Zobue, chaka chimene tinabwerako kothawa nkhondo ku Malawi, nkhondoyo itatha. Pamene panali mudzi wathu tinangopezapo thengo, tsekera wotalika kuposa Ababa. Tinkaponda pokhapokha pamene ena apondapo kale, kuopa mabomba okwirira.

Chakudya chimene anatipatsa pobwera chinatha mvula itangokhazikika. Ababa anatsikira ku Moatize kukasaka ganyu, natisiya atatu: Amayi, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono Rozita. Mwanayo anali atasiya kusewera, tsitsi litafiira, ndipo chimanga chathu chinali chisanafike ndi m'mawondo momwe. Ndinkaopa kuti dowe wa chaka chimenecho sadzamulawa.

M'mawa wina Amayi anaima pansi pa mango wopserera, nayang'ana uku ndi uku ngati munthu wosokera pamsika. "Ndinkaphikira apa," anatero. "Ndiye kuti dzala lili kuseri kwa chulu icho." Tinatsata kanjira ka mbuzi, iwo patsogolo, ine m'mapazi mwawo.

Kuseri kwa chuluko, abale inu! Maungu anali atayanga mpaka pamwamba pa zitsamba, masamba ngati malichero, njuchi zikulira m'maluwa. Bonongwe, luni, chisoso, mbatata, khobwe atakwera pa nandolo amene anasanduka mitengo. Ndinangoti kukamwa yasa.

"Wabzala ndani, Amayi?"

Anagwada, nasisita tsamba la mawanga oyera ngati tsaya la mwana. "Maungu akwathu awa," anatero. "Nthanga zake ndinkataya ndine."

Kuyambira tsikulo tinkadya nkhwani, chitambe ndi khobwe wamuwisi, kenaka mbatata. Koma maungu oyamba kukhwima Amayi anawamangirira udzu kuti ndi ambewu, ndipo ngakhale njala ilume chotani, wowagwira akanaona zakuda. Pofika nthawi ya dowe, Rozita ndiye anayamba kuba chimanga m'munda, ndipo Amayi anamukalipira akuseka, misozi ili m'masaya.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti anatilimira ndi abale athu amene anafera pankhondo. Lero ndikudziwa kuti mbewuzo zinkangogwa n'kumeranso paphulusa, chaka ndi chaka, ife tili kothawa. Komabe kudziwako sikunachotse kudabwa kwanga. Rozita ali ndi ana ake tsopano, ndipo kuseri kwa nyumba yake kuli maungu a mawanga oyera.