Diso la Ursula ndi Ndowa za Chisangalalo

Kukangoyamba kuyera pamwamba pa phiri la Soche, Ursula amakhala atatsegula kale chitseko. Sayamba ndi kusesa kapena kuyatsa mbaula. Amatenga ndowa ziwiri, imodzi n'kupatsa mwana wake wamkazi, Chisangalalo, ndipo awiriwo amatsetsereka kanjira ka miyala kopita pa kiyosiki ya madzi. Amadutsa pa zenera langa ine ndili pakati pa mapemphero a m'mawa. Ndimawazindikira ndi kaphokoso kamene Chisa amachita milomo ili chitsekere, kangati ka njuchi imene yalowa m'botolo.

Kuno ku Chilobwe madzi satuluka pa nthawi yodziwika. Amayi amasiya ndowa ndi zigubu pa mzere m'mamawa n'kubwerera kukagwira ntchito zina. Ndowa ndiyo imakusungira malo, ndipo wosuntha ndowa ya mnzake amakhala waputa mkangano wa tsiku lonse. Koma pa kiyosiki yathu alipo munthu mmodzi wololedwa kusuntha ndowa za eni, ndiye Chisa. Amaziyala potsata mtundu, zofiira patsogolo, kenako zachikasu, zobiriwira, zabuluu, zachitsulo kumapeto. Akamaliza amaima pambali n'kumakupiza manja.

Ursula ndi mwamuna wake Onesimo anachokera ku Nsanje. Anadzachita lendi kuseri kwa nyumba yanga chaka chimene bambo a kunyumba kwanga anatisiya, ndipo timapemphera mphakati umodzi. Onesimo ndi telala, amasoka pa khonde la sitolo ina ku Limbe. Ursula amachapa zovala m'nyumba za ku Kanjedza masiku ena pa sabata. Ndi mayi wamfupi, sachedwa kuseka, ndipo diso lake lamanzere ndi loyera, siliona. Sindinamufunsepo za disolo. Munthu safunsa za chilema cha mnzake.

Chisa anabadwa mu 2002. Dzina anamupatsa ndi azakhali ake, a Petronela, achemwali a Onesimo. Kwathu ku Thyolo mwini mbumba ndi malume, koma kwa anzathuwa mwana ndi wa kuchimuna, ndipo mawu a azakhali amalemera. A Petronela anamunyamula khandalo, kulitchula dzina, ndipo pasanapite nthawi ananyamuka ulendo wa ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba.

Anali mwana wonenepa, wosavuta, ndipo Ursula sankaphonya sikelo. Atapitirira chaka tinayamba kuona zina. Ukamuitana satembenuka. Sakuyang'ana m'maso. Anzake akuyamba kuti "amama", iye zii. Anthu ananena zambiri. Ena anati walodzedwa, ena anati Onesimo anamukhwimira kuti makina ake aziyenda.

"Akanakhwima bwenzi tikugona m'nyumba yodontha chonchi?" ankatero Ursula, akuseka.

Ku chipatala cha Gulupu anamuyeza makutu n'kupeza kuti akumva bwinobwino. Dokotala anatchula mawu akuti otizimu. Anati mwana amabadwa nawo, kungoti zimaonekera akamakula, ndipo si ufiti kapena kulakwa kwa mayi. Ursula anabwera nawo mawuwo kunyumba, nawasunga, moyo n'kumapitirira.

Za ndowazi zinayamba Chisa atasinkhukirapo. Tsiku loyamba mayi Zeinabu, amene amagulitsa mandasi pa siteji, anapeza ndowa yawo yabuluu ili kumbuyo.

"Make Chisa, mwana wanuyu wandichotsa pa nambala wani, wakandiika ku mchira."

"Pepani amayi, ndibweza."

Ursula atangoigwira ndowayo, Chisa anakuwa n'kuyamba kudzimenya m'mutu. Mayi Zeinabu anamuyang'ana kanthawi.

"Isiyeni pomwepo," anatero. "Mawa ndibwera ndi yofiira, tione ngati andikanenso."

Anabweradi ndi yofiira. Posakhalitsa theka la mzere linali lofiira, ndipo Chisa anayamba kuyala zofiirazo potsata kukula kwake. Mikangano ya kuti ndinayamba kufika ndine inatha yokha, poti palibe akananena kuti Chisa amakondera.

Mu 2009 Ursula anabereka mwana wamwamuna, Yohane. Chaka chotsatira chikuku chinabuka m'dziko muno, ndipo Yohane anali atangokwana miyezi yolandira katemera wake. Nthawi yomweyo ndi imene a Petronela anatulukira kuchokera ku Joni, atanyamula mabulangete ndi nsapato za ana.

Anamupeza Chisa akuyala zitsekerero za mabotolo pa khonde. Anamupatsa moni, osayankhidwa. Anakhala pa mpando n'kumamuyang'ana, kenako analankhula mokweza, moti ife oyandikana nawo tinamva.

"Kumene ndimagwira ntchito kuli mwana wotere. Adona anandiuza okha kuti ndi jakisoni wa chikuku. Mwana anali bwinobwino, atangomubaya basi. Mlamu, wamwamunayu musakamubayitse. Wina uja mwamuwononga kale."

Ursula anali atagwada pafupi ndi mpandowo. Kwawo mkazi sabweza mawu kwa mlongo wa mwamuna wake pa nkhani ya ana. Anangoti, "Ndamva, alamu."

M'mawa mwake nkhani inali itafika pa kiyosiki. Amayi ankanong'onezana akuloza Chisa ndi milomo. Jennifer, mtsikana wa mwana mmodzi amene ankakhala kumtunda kwathu, ananena poyera kuti wake sapitanso ku sikelo. Chisa akamadutsa, iye ankafunditsa khanda lake chitenje.

Ursula anabwera kwanga maso ali pansi.

"Amayi a Jonas, mwana wanga asanduke choopsezera mbalame m'munda? Azimuloza kuti ana a eni asabayidwe? Nanga Yohane chikamugwira ndidzati chiyani?"

Tinapita limodzi kukafunsa a Malizani, alangizi a zaumoyo a dera lathu. Anatikhazika pa benchi n'kutifotokozera modekha. Anati nkhaniyi inayambira kunja, ndipo madokotala a m'maiko ambiri anaifufuza pa ana ochuluka zedi, obayidwa ndi osabayidwa, osapeza kuti katemera amayambitsa otizimu. Anati zizindikiro zake zimayamba kuoneka pa msinkhu umene mwana wakhala akulandira akatemera, n'chifukwa chake makolo amaganiza kuti chinayambitsa ndi jakisoni.

"Koma chikuku ndiye chilipo, mayi," anatero. "Chili m'tauni mommuno."

Ursula sankakayika. Vuto linali chilolezo. Akanamutenga yekha Yohane, akanakhala kuti wanyoza banja lonse la kuchimuna, ndipo nkhani ikanafika kwa ankhoswe ku Nsanje. Onesimo naye anali pakati. Achemwali akewo ndi amene anamulera makolo atamwalira, ndipo sanawatsutsepo chibadwire.

"Tidikire kaye apite," ankatero.

"Chikuku chidikiranso kuti apite?" ankafunsa Ursula.

Lamulungu masana titabwerako ku Misa, a Petronela anapita kukaona anzawo ku Manje. Ine ndinali pa khonde lawo tikusankha nyemba ndi Ursula, Onesimo akuthira mafuta lumo lake. Ursula analankhula osadzutsa mutu.

"Bambo a Chisa, diso langali mumati linatani?"

Onesimo anayang'ana ine kaye, ngati kuti ndimuthandize.

"Si bango? Ndimayesa munalasidwa ndi bango muli mwana."

"Anakuuzani ndani?"

"Palibe. Munthu ukufunsira mbeta ungayambe ndi kufunsa za diso? Bwenzi mutandithira madzi."

"Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukuimba mlandu bango losalakwa."

Tinaseka tonse, koma iye anapitiriza. Anati chinali chikuku. Chinawagwira awiri, iye ndi mng'ono wake Ida, ndipo anagona pa mphasa imodzi m'nyumba yotseka mazenera. Maso awo anamatirira. Katemera kumudzi kwawo anali asanafike. Iye atachira, diso limodzi linatseguka lili loyera. Ida sanadzuke.

"Za Chisa adokotala akuti anabadwa choncho, ndipo ine ndimamuthokozera Mulungu momwe alirimu. Koma diso ili ndikudziwa chimene chinalipha. Mumaliona tsiku lililonse."

Onesimo ankangotsegula ndi kutseka lumo lija. Ine ndinkapemphera chamumtima, manja ali mu nyemba.

"Mukamutenga inu, ndi mlandu wa banja," anatero pomaliza. "Ndikamutenga ine bambo wake, ndi nkhani ya ine ndi achemwali anga. Imeneyo tikambirana awiri."

Tsiku la sikelo sanapite ku Limbe. Kubereka mwana ndi chitenje sankadziwa, ndiye monga telala anasokerera malamba pa chitenje cha mkazi wake n'kumanga Yohane pa chifuwa. Anawauza achemwali ake kumene akupita, atavula chipewa. A Petronela anayankha m'Chisena mawu amene sindinawamve, koma nkhope yawo inamasulira.

Njira yachidule inalipo, koma Onesimo anadzera pa kiyosiki, pamene amayi anali atadzaza. Ursula ndi Chisa ankabwera pambuyo, ine pambuyo pawo.

"A telala, mwalowa liti bungwe la amayi?" anafunsa mayi Zeinabu.

"Lero lomwe. Ndikupita kukalembetsa."

"Mukafika mukayimbe nawo, osati kumangoyasamula. Ndipo fashoni ya malambayo mundisokere inenso."

Ku sikelo amayi amayamba ndi nyimbo ana asanakwezedwe. Onesimo anakhala kumapeto kwa benchi, mwamuna yekha pakati pa amayi, akuomba m'manja mosemphana ndi anzake. Chisa sakonda phokoso, choncho anatseka makutu n'kutuluka ndi mayi ake. Panja anapeza masilipasi amene amayi anavula pokhala pa mkeka, ndipo anayamba kuwayala. A Malizani anaitana Onesimo koyamba, monga amachitira bambo akabwera ndi mwana. Yohane analira pang'ono n'kugona.

Tikutuluka tinakumana ndi Jennifer pa geti, mwana ali kumsana, thukuta lili kamukamu.

"Ngati bambo ake a Chisa abayitsa wawo, ine ndine ndani?" anatero, osayang'ana aliyense. Anavula masilipasi ake n'kuwasiya pamene Chisa akanawafikira.

Sikuti onse anabwera tsiku limenelo. Ena anadikira mpaka katemera atafika pa sukulu, ndipo banja lina silinapite n'komwe. Koma zoloza Chisa zija zinazilala, ndipo amayi anabwerera ku nkhawa yawo yakale, yosaka ndowa yofiira yaikulu kuposa ya mnzawo.

A Petronela sanadye tsiku limenelo. Anakhala masiku ena ochepa akulankhula ndi mlongo wawo mawu owerengeka, kenako anamanga katundu.

Papita zaka tsopano. Yohane ali ku pulayimale, ndipo amalankhula zokwanira anthu awiri. Chisa ndi namwali wamtali kuposa mayi ake. Amatsuka mbale mpaka kuwala, amadziwa tsiku la Misa popanda womuuza, ndipo ali ndi mawu ake angapo, monga "madzi" ndi "basi". Masiku ovuta amakhalapo, makamaka madzi akapanda kutuluka kapena wina akabwera ndi chigubu cha mtundu wachilendo. Ursula amati aliyense ali ndi mtanda wake, koma wake umamuthandiza kutunga madzi. Pa mphakati Ursula ndiye amayambitsa nyimbo, ndipo mayi wachitsikana akamaopa jakisoni amamuperekeza yekha ku sikelo.

A Petronela sanabwerenso, koma sanataye abale awo. Nyengo yozizira ikamayandikira amatumiza majuzi awiri pa basi, ndipo ya Chisa imakhala yofiira nthawi zonse. Ndani anawauza za mtunduwo, sindidziwa. Akaimba foni amafunsa kuti, "Yohane ali bwanji? Nanga winayo?"

Tsiku limene ankabwerera ku Joni ndinawaperekeza nawo pa siteji. Ursula anasenza chikwama cha alamu ake, Chisa akuyenda patsogolo ndi kaphokoso kake kaja. Minibasi itaima, Ursula anatula chikwamacho, nagwira dzanja la a Petronela ndi manja awiri.

"Alamu, dzina lija munapereka ndinu. Chibwerereni simunalitchule. Muitaneni nalo kamodzi kokha. Sayankha, koma amamva."

A Petronela anayang'ana mwanayo, amene anali ataima pambali akukupiza manja. Kondakitala ankamenya chitseko akuitanira anthu a ku Limbe. A Petronela anakonza mpango wawo kumutu, nakwera.