Alamu Anga a Gadi ndi Matumba a ku Mbeya

Alamu anga a Gadi amadziwa zonse za malonda a mayiko, koma chibadwire sanagulitsepo ngakhale mulu umodzi wa tomato. Ndikunena izi mosaphethira, ndipo atamva kuti wanena ndine Enala sangadabwe, chifukwa amadziwa kuti sindiwawerengera.

Anabadwira ku Mvuma kuno ku Zimbabwe, m'komboni ya pamgodi. Bambo awo anachokera ku Angonia, ku Mozambique, ndipo anamwalira ndi chifuwa cha fumbi la pansi. Mwanayu za pansi sanazifune. Anaphunzirako pang'ono n'kupeza ntchito ku Lalapanzi yolemba kulemera kwa malole a miyala ya kromu pasikelo. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala m'kanyumba ka magalasi, cholembera chili kukhutu. Ntchito itatha anatuluka ndi jekete imodzi ya bulauni komanso mtima woti iwo ndi bwana. Akamayankhula amayamba m'Chichewa, n'kukhotera ku Chishona, n'kukamalizira ku Chingerezi, kumene amaona ngati n'komwe nzeru zimakhala.

Achemwali anga a Esnat anawatola komweko ku Lalapanzi. Inde, ndati kuwatola. Achemwali anali atayamba kale kubweretsa mpunga wa Kilombero kuchokera kwathu ku Malawi, n'kumakaupereka kwa mayi wina dzina lawo a Tsungai, amene amaphikira makorokoza, amuna okumba miyala paokha aja. Pakantini ya a Tsungai pamadya anthu ambirimbiri tsiku ndi tsiku, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri mpunga wa pamenepo unali wa achemwali okha. Nyumba ya lendi ku Mambo ku Gweru, sukulu ya mwana wawo Yewo, ngakhale polishi wa nsapato za a Gadi, zonsezo zinkachokera pakantini imeneyo. Pangano linali limodzi lokha, lakuti mpunga ufike mwezi usanathe. A Tsungai ankanena poyera kuti munthu wochokera m'dzenje samva zoti katundu ali m'njira, ndiye ukachedwa adzagula kwa wina.

Ife amayi a ku Malawi okhala ku Mambo tili ndi gulu lathu, tilipo khumi ndi anayi. Timachita hayala lole imodzi kuchokera ku Limbe, kudzera pa Mwanza ndi ku Tete, mpaka kulowa muno pa Nyamapanda. Wapampando wathu ndi mayi Angeline, mayi wa mawu ochepa, ndipo ndi amene amatidzazira chipepala chimene timangochitcha kuti komesa. Komesa yeniyeniyo ndi mgwirizano wa mayiko pa zamalonda, Malawi ndi Zimbabwe ali momwemo. Chipepalacho chimachitira umboni kuti katundu wako ndi wolimidwa ku Malawi, kuti iwe wamalonda wamng'ono udutse osalipira msonkho waukulu wa pachipata cha m'malire. Malamulo a gulu si ambiri. Lole sinyamuka wina asanapakire, mtengo wogulitsira ndi umodzi, ndipo mpunga umathiridwa m'matumba oyera opanda cholembedwa chilichonse. La matumbali palibe ankavutika kulifotokoza, aliyense ankangolidziwa ngati mmene umadziwira kuti mchere suthira mu tiyi.

Ndiye chaka chatha pagulu la pafoni la anthu a kwathu panabuka mtsutso. Wina anaponyapo mawu a kandale kena kosadziwika n'komwe, koti mayiko ang'onoang'ono amangodyeredwa masuku pamutu m'migwirizano imeneyi, kuli bwino kutulukamo. Basi, a Gadi anapeza ntchito. Kuyambira m'mawa anali pakhonde, magalasi pamphuno, kujambula mawu ataliatali n'kumatumiza. Ankati Tanzania inatuluka mu Komesa kalekale, kodi yafa? Ankati dziko liyenera kuika mitengo yake lokha, osati kudikira anzake ochedwa kudzuka. Ena ankawayankha kuti kutuluka n'kosavuta, koma ukatuluka katundu wako amaima pachipata ngati wa mlendo, ndipo woyamba kulira si nduna koma mayi wa matumba khumi. A Gadi ankati amenewo ndi mantha a anthu ozolowera kugwiridwa dzanja powoloka msewu. Ine ndinalembapo kamodzi kuti munthu wopanda ndi pasipoti yomwe asatisokose za zipata. Sanandipatse moni milungu iwiri, ndipo ndinapumako.

Poona kuti maboma sakuwamvera, anatembenukira gulu lathu. Anayamba kuuza achemwali kuti ifenso ndife Komesa yaing'ono, tikuwadyera. Pano ndivomere, zina zimene ankanenazo zinali zoona, n'chifukwa chake zinalowa. Nthawi zina timakhala sabata yathunthu ku Limbe kudikira munthu mmodzi amene mpunga wake sunafike kuchokera ku Karonga. Ndipo mpunga wa achemwali unali wopetedwa bwino kuposa wa tonsefe, wopanda kamwala ngakhale kamodzi, koma ankagulitsa mtengo wofanana ndi wa aulesi. Zimenezi zinkawawawa achemwali kuyambira kale. A Gadi anangopeza bala n'kumalikanda tsiku lililonse.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi tinakumana pabwalo la mayi Angeline, ndipo alamu anabwera atavala jekete ija, pamsonkhano wa amayi okhaokha. Anayankhula pafupifupi ola. Anatchula Ulaya, anatchula Tanzania kasanu, anati banja lawo likufuna ufulu wodziimira palokha. Mayi Angeline anawasiya mpaka mate anawauma, kenako anatembenukira kwa achemwali.

"A Esnat, mawu amenewa ndi anu?"

Achemwali anayang'ana pansi. "Ndi a bambo a Yewo, koma tagwirizana."

Mayi Angeline anangowakumbutsa kuti akatuluka, chipepala azidzaza okha, lole azifuna okha, ndipo pakavuta pachipata gulu silidzatha kuwalankhulira, chifukwa dzina lawo silidzakhala pamndandanda wa katundu wathu. A Gadi anaseka n'kunena kuti munthu amene anayendetsa sikelo ya malole sangagonje ndi kapepala kamodzi. Ine ndinapsa mtima mpaka ndinanyamuka osatsanzika.

Mu Juni, mpunga watsopano utatuluka, achemwali ndi amuna awo ananyamuka awiriwiri, ife tisanakonzeke. A Gadi anali ndi pasipoti yawo yoyamba, akuionetsa kwa aliyense m'basi ngati chithunzi cha mwana wakhanda. Ku Limbe anagula mpunga bwinobwino, achemwali anaupetetsa, n'kupeza malo pa lole ya munthu wina yopita ku Harare. Kenako achemwali anati akaone mayi athu ku Chiradzulu tsiku limodzi, n'kusiyira amuna awo kantchito kamodzi kokha, kogula matumba, kuthira mpunga ndi kusoketsa. Ntchito yoti ngakhale munthu ali ndi malungo angaigwire.

Pamsika a Gadi anaona matumba oyera aja n'kuwanyoza kuti ndi a chimanga cha kumudzi. Pambali pake panali ena ogwiritsidwapo kale ntchito koma okongola, a chithunzi cha phiri lobiriwira, olembedwa m'Chiswahili, ndipo m'munsi mwake munali zilembo zikuluzikulu zoti Mbeya, Tanzania. Mtima wawo unagwa pomwepo. Anaganiza kuti ku Lalapanzi anthu akaona dzina la dziko lolimba mtima lija adzaupatsa ulemu mpungawo. Anathiritsa, anasoketsa, anapakiritsa, tenti n'kumangidwa pamwamba. Achemwali pobwera anapeza zonse zatha, mpaka anawayamikira amuna awo kuti achangamuka. Chipepala anadzaza okha, polemba kumene katundu wachokera analemba zoona, Malawi.

Pa Nyamapanda wogwira ntchito pachipata anakweza tenti, n'kuyang'ana thumba, n'kuyang'ana chipepala. Anafunsa mwaulemu kuti akhulupirire chiti, chifukwa pepala likuti Malawi pomwe thumba likuti Tanzania, ndipo Tanzania sili mu Komesa. Koma alamu anga, kalanga ine, m'malo motseka pakamwa anayamba kuphunzitsa munthuyo mbiri, chaka chimene Tanzania inatuluka ndi ubwino wake wonse. Munthuyo anawamvetsera mpaka kumapeto, n'kuwauza kuti popeza akudziwa bwino chonchi, akudziwanso kuti chipepala chawocho sichigwira ntchito pa katunduyu. Mpunga unatsitsidwa n'kutsekeredwa m'nyumba yosungira katundu kufikira msonkho wonse ndi chindapusa zitaperekedwa. Dalaivala anali ndi katundu wa anthu ena, ndiye anangoliza injini n'kumapita.

Tsiku lachiwiri a Gadi anati akupita ku Harare kukaonana ndi anthu akuluakulu amene amawadziwa. Anthu akuluakulu ake ati? Anakafikira pakhonde pawo ku Mambo. Ife tinafika pachipatapo ndi lole yathu patatha masiku asanu ndi anayi, ndipo tinapeza achemwali atakhala pachitenje pamthunzi wa mpanda, milomo itang'ambika ndi mphepo ya Juni. Mayi Angeline analowa muofesi kukayesa kuwachonderera, koma anauzidwa zomwe iwo eni ananena pabwalo paja, kuti dzina la mayiyu silili pamndandanda wathu. Tinawasiyira buledi ndi bulangete. Ndinalira kuchokera pamenepo mpaka ku Mutoko, ndipo theka la misoziyo inali ya ukali.

Mwezi unatha mpunga uli chitsekeredwe. Pa tsiku loyamba la Julayi a Tsungai anaimbira foni mayi Angeline kuti miphika ili pamoto, akufuna mpunga lero, ndipo amene abweretse ndi amene azibweretsa mpaka kale. Pagulu lonse amene anali ndi matumba okwanira osagulitsa ndinali ine. Ndinakana kawiri. Mayi Angeline anandiuza kuti ndikakana kachitatu kantiniyo ipita kwa mmwenye wina wa ku Harare ndipo sidzabwereranso kwa aliyense wa ife. Ndinakweza matumba pa kombi, minibasi ya kuno, n'kupita ku Lalapanzi, manyazi ali thoo, ngati ndikukaba m'nyumba ya m'bale wanga.

Mpunga wa achemwali unatuluka mu Ogasiti atagulitsa firiji ndi makina osokera, ndipo anaugulitsa motaya pamsika wa Kudzanai. A Gadi mpaka lero amakhala pabotolo sitolo kuuza anthu kuti zimene zinawachitikira ndi umboni woti Komesa ndi msampha. Za matumba satchula. Akuti akulemba kalata yopita kunyuzipepala.

Sabata yatha m'mawa ndikusesa pakhomo ndinaona achemwali akulowa pageti, lichero lili m'khwapa. Amenewa ndi amene ananditenga ku Chiradzulu ndili ndi diresi imodzi, amene anandiphunzitsa kuluma njere ya mpunga kuti ndidziwe ngati wauma. Ndinawapatsa mpando koma anakana kukhala.

"Enala, a Tsungai sakonda miyala mumpunga, ndipo iwe kupeta sunakudziwebe. Ndabwera kudzakupetera. Uzindipatsa chimene ungaone, Yewo asasiye sukulu."

Ndinati achemwali musatero, kantiniyo ndi yanu, tikakambirane ndi a Tsungai. Anapukusa mutu n'kunena kuti anapitako kale dzana, ndipo anauzidwa kuti pangano ndi pangano. Anayala mkeka pafupi ndi khomo la khitchini, n'kumanga chitenje m'chiuno, n'kundifunsa ngati mmene waganyu amafunsira abwana ake kuti ayambe thumba liti.