Tsiku Limene Mayi Moira Anagwada

Ndikukumbukira chaka chimene ndinafika ku Glasgow, ndili mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndisanazolowere zoti m'nyengo imene eni dziko amati ndi yotentha, mvula imawazabe ndipo anthufe timavalabe majuzi. Amayi ankachita maphunziro a unamwino ku Hillhead, ine n'kuwatsatira. Bambo anatsala ku Lilongwe ndi alongo anga awiri. Tinkakhala m'kanyumba ka pamwamba ku Springburn, kokwera ndi masitepe onunkha mankhwala okolopera.

Sukulu zitatsekera, Amayi anapeza ganyu pa kampani ina yophika ndi kuperekera chakudya pa maukwati, ndipo anandipempherako malo. Anandipatsa shati yoyera, buluku lakuda ndi epuloni yaikulu yomwe zingwe zake zinkandizungulira kawiri. Amayi ankatsuka mapoto ndi mbale kumbuyo. Ine, poti ndinali wopepuka miyendo, ndinkanyamula chakudya kupita nacho kumatebulo. Ndinaphunzira kusanja mafoloko ndi mipeni, kupinda nsalu zopukutira pakamwa kuti ziime zokha, ndiponso kuyenda ndi mbale zitatu pamkono umodzi. Tsiku loyamba ndinapinda maondo popereka mbale kwa bambo wina wachikulire, monga anandilerera. Iwo anadzidzimuka n'kundigwira pachigongono, poganiza kuti ndaterereka.

Bwana wathu m'khitchini anali Mayi Moira, mzimayi wamfupi, wojintcha, wa mikono yodzaza zipsera za uvuni. Chingerezi chomwe ndinkakhoza bwino kusukulu kwathu chinkandithera iwo akatsegula pakamwa. Mtsikana aliyense ankamutchula kuti "hen", ndipo kwa masiku angapo ndinkadandaula chamumtima kuti ndalakwanji kuti azinditcha nkhuku, mpaka Amayi atandiuza kuti kuno ndi mawu achikondi. Ankakalipa kuyambira pofika mpaka poweruka. Koma nthawi yopuma ankatiunjikira mbatatesi ndi nyama zotsala, n'kutiimirira pamutu mpaka mbale itayera.

Loweruka lina tinali ndi ukwati mu holo ina ku Shawlands. Amuna anavala masiketi awo a mizeremizere, maondo oyera ali pamtunda, ndipo pakhomo panali bambo woimba chitoliro chokhala ndi thumba la mpweya, cholira ngati mbuzi yoiwalika pachingwe. M'khitchini munali nthunzi yokhayokha, fungo la anyezi ndi nsomba yootcha. Foni tinali nayo imodzi, ndipo inkakhala m'thumba la epuloni yanga chifukwa manja a Amayi sankachoka m'madzi. Titangochotsa mbale za supu, ndinaimva ikunjenjemera. Ndinazembera pakhomo la kumbuyo, pafupi ndi migolo ya zinyalala. Anali Bambo.

"Tiyamike, amako ali pafupi?"

"Ali m'kati, akutsuka. Ndiwaitane?"

"Ayi, usawaitane. Tamvetsera bwino, mwana wanga. Amalume ako a ku Ntcheu atisiya m'mawa uno. Galimoto inawagunda ali pa njinga. Ndayesa kuimbira akulu a mpingo wanu kumeneko, sakuyankha. Iwe ndiwe mwana, si woti n'kuwauza amako zimenezi. Peza munthu wamkulu awakhazike pansi. Koma usachedwe, maliro ndi mawa, ayenera kulankhula ndi abale."

Amalume Yohane anali mlongo yekhayo wa Amayi. Makolo awo atamwalira, ndi amene anawalera Amayiwo, ndipo Amayi akamawatchula ankatsitsa mawu ngati akutchula bambo wowabereka.

Ndinabwerera m'kati chifukwa sindinadziwe kwina kopita. Mbale za nsomba zinali zitandandalikidwa, ndipo ndinanyamula zanga. Ndinayenda pakati pa matebulo ndikumwetulira anthu omwe sindinkawaona bwino chifukwa cha misozi. Nthawi iliyonse ndikalowa m'khitchini ndinkaona msana wa Amayi pasinki, mapewa akugwedezeka ndi kukwecha poto, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ndinkayang'ana uku ndi uku kufuna munthu wamkulu. Onse anali ana asukulu ngati ine, ena a ku Poland, ena a ku Spain.

Ulendo wachitatu msuzi unanditayikira pashati. Mayi Moira anandigwira pamkono n'kundikokera m'kachipinda kozizira kosungiramo mkaka ndi makeke. Ndinkayembekezera kukalipidwa. Iwo anangondiyang'ana kumaso, n'kufunsa chomwe chachitika. Ndinawauza.

"Pita ukawauze amako, muzipita kunyumba. Zotsalazi tithana nazo," anatero.

"Sindingathe. Kwathu mwana sauza kholo lake za maliro."

"Nanga amanena ndani?"

"Munthu wamkulu."

Anasuzumira pakhomo, n'kuyang'ana khitchini yonse monga ndinachitira ine. Kenako anapukuta manja pa epuloni.

"Ndiye kuti ndine. Ndiuze mmene mumachitira, ndisalakwitse."

Ndinawafotokozera zomwe ndinaonapo kumudzi, mano akugundana ndi kuzizira. Ndinati munthu samuuza ataimirira. Wonenayo amadzichepetsa, sakhala pamwamba pa wofedwa. Sayamba ndi mawu akuti wamwalira, amayamba n'kunena kuti kumudzi sikuli bwino, kuti mtima ukonzeke. Ndipo akanena sachokapo. Mayi Moira ankagwedeza mutu ngati akumva kaphikidwe ka chakudya chachilendo. Anandiuza kuti ndibwereze dzina la Amalume mpaka ataligwira.

Anapita pasinki n'kutseka mpopi. Anagubuduza kreti ya mabotolo, n'kuwagwira Amayi manja onse awiri, thovu lili chuchuchu, n'kuwakhazika pamenepo. Kenako mzimayi uja, yemwe tsiku lililonse ankadandaula za maondo ake, anagwira m'mphepete mwa sinki n'kugwada pasimenti yonyowa. Onse m'khitchini anasiya ntchito n'kuyang'ana.

Amayi anayang'ana bwana wawo ali chogwada, n'kutembenukira kwa ine. Nkhope yawo inasintha nthawi yomweyo. Anandifunsa m'Chichewa, motsitsa, "Ndani?"

Ndinagwetsa maso pansi. Mayi Moira sanamve funsolo, koma anapitiriza monga ndinawauzira, pang'onopang'ono, kuti kwabwera uthenga kuchokera kwathu, kuti sikuli bwino, kuti kunachitika ngozi pamsewu. Dzina la Amalume analitchula mokhota, komabe linamveka.

Amayi anatenga nsonga ya epuloni n'kuiluma, kuopa kuti kulira kwawo kungamveke ku ukwati wa eni ake. Mayi Moira anaichotsa pakamwapo.

"Lira, hen. Ndi chitoliro chijachi palibe angakumve."

Ndipo Amayi analira monga timalirira kwathu, akuitana mlongo wawo ndi dzina la kumtundu, akufunsa kuti awasiyira yani. Inenso ndinakhala pansi pambali pawo. Woyang'anira holo anabwera kudzafunsa za keke yomwe inachedwa. Mayi Moira sanadzuke, anangomuyang'ana, ndipo iye anabwerera chafutambuyo. Anyamata ndi atsikana aja anagawana ntchito yathu mwakachetechete. Mmodzi anatenga malo a Amayi pasinki, wina anabweretsa tiyi wa shuga wambiri yemwe palibe anamwa.

Kumaliro sitikanafika, ndege ikanatifikitsa ataika kale. Anthu a kumpingo atamva anadzaza kanyumba kathu ka ku Springburn, anakankhira mipando kukhoma, azimayi n'kukhala pansi, kuimba nyimbo za maliro pamene ku Ntcheu ankanyamula bokosi. Masana a Lamulungu tinamva kugogoda. Anali Mayi Moira, atanyamula mathireyi a masangweji okwana mudzi wonse. Anaona mmene anzawo akhalira, anavula nsapato, n'kutambalala pakati pawo. Mayi wina anawafunditsa chitenje m'miyendo. Sanamve liwu ndi limodzi lomwe la nyimbo zathu, koma anakhala mpaka anthu atayamba kubalalika, ndipo podzuka anachita kukokedwa ndi amayi awiri. Titabwerera kuntchito anandikalipira chifukwa chosanja masupuni mozondoka, ngati palibe chinachitika.

Papita zaka zambiri. Amayi anabwerera kwathu atamaliza maphunziro, ine ndinatsala, ndipo ana anga ndikawafunsa m'Chichewa amandiyankha m'Chingerezi cha Mayi Moira. Masiku ano aliyense ali ndi foni yake, ndipo uthenga wa maliro sudikira munthu wamkulu. Umagwera pagulu la pabanja la pafonipo, chithunzi cha malemu chili pamwamba, anthu n'kuyamba kupepesa mwini maliro asanadziwe. Sindikuwada anthu, ndi mmene zinthu zilili, ndipo nthawi zina kufulumirako kumathandiza. Koma chaka chatha ndi mmene ndinamvera za azakhali anga, nditaima ndekha podikirira basi, matumba a zogula ali m'manja. Nditaona chithunzi chawo ndinazimitsa foni ndisanawerenge. Ndinafuna benchi, ndinaika matumba pansi, ndinakhala bwinobwino. Kenako ndinaitsegulanso.