Wansanje Amene Anachiritsa Laputopu ya Towela

"Zala ziwiri basi," anatero Obvious pa bala ina ku Katete, atazikweza m'mwamba. "Loweruka ku Sinda ukwati wonse uti zii. Towela abwerera kokazinga vitumbuwa."

Inu ofuna mawu olimbikitsa, tcherani khutu. Towela ameneyu anali mwana wamasiye, giredi 12 inamukana, ndipo ankagulitsa vitumbuwa pokwerera mabasi. Obvious, mwini zoimbira za m'maukwati, anamulemba ntchito yonyamula masipika. Tsiku limene anamupeza akugwiragwira kompyuta, anamupitikitsa.

Mpingo unapatsa Towela laputopu yotopa. Iye anagula ku Chipata kabokosi kotchipa ka USB kotumiza nyimbo ku masipika, masipikawo n'kubwereka. Eni maukwati anayamba kumuitana. Obvious nsanje inamuwondetsa mpaka lamba anaboola bowo lina.

Tsiku lina pa ukwati, Obvious akuvina pafupi ndi tebulo la Towela, anakola waya wa kabokosi ndi phazi. Laputopu gwa! Yauma. Pomwe imadzukanso, mkwatibwi anali atatupa kale ndi mkwiyo. Kuyambira apo Obvious sanaphonyenso ukwati, woitanidwa kapena ayi. Chomunyansa n'chakuti nthawi zina akazula waya laputopu inkakhala bwinobwino, mpaka anaphunzira nthawi yake yabwino.

Anthu anayamba kunong'ona kuti zoimbira za mtsikanayu n'zokomoka. Towela akazula wayawo yekha kunyumba, laputopu osafa. Matenda othawa dokotala! Anawerenga mauthenga amene makina amasiya pofa, nafunsa pa intaneti anthu olemba dalaiva, kapulogalamu kamene kamalankhulitsa kompyuta ndi kabokosi. Iwo anati, "Tiuze kaye mmene umaiphera."

Katswiri woipha anali mmodzi m'boma lonse. Towela anamuyang'anitsitsa pa ukwati wotsatira: bamboyo amazula ng'oma zili pachimake, dalaiva ali kalikiliki. Atatengera kazulidwe kameneko, laputopu inayamba kufa pamaso pake, ndipo anaona chomwe chimaipha.

M'dalaiva muli antchito awiri. Wina amathira mawu m'chidebe. Wina akamva kuti waya wazuka, amataya chidebecho. Wotaya akafulumira, mnzake amathira popanda chidebe, makina n'kukomoka. Towela anaika loko: wotaya ayambe walengeza kuti kabokosi kachoka, adikire mnzake atsirize, ndiye ataye. Ulendo woyamba antchitowo anangodikirana ngati apongozi pakhomo, laputopu n'kuumanso. Towela analira, napukuta misozi, nayambiranso.

Kodi nanunso muli naye Obvious wanu? Musataye mtima, ndiponso musamuthamangitse. Wansanje amakupezerani pobooka, ulere.

Loweruka lija unali ukwati wa mwana wa ahedi a sukulu. Kukomoka pamenepo, Towela ukanakhala ukwati wake wotsiriza. Obvious anafika ndi anzake a pa bala kuti achitire umboni. Akwati akulowa, ng'oma zitakolera, anawerama ngati akumanga nsapato, waya uja thu!

Masipika anati zii. Koma laputopu inapitiriza nyimbo yokha ndi timawu take tating'ono ngati udzudzu. Holo yonse inatembenuka, n'kupeza bambo wasuti atagwada, waya uli m'manja.

"A Obvious, zikomo potigwirira," anafuula Towela. "Bwezeretsani pamene mwazulapo, bowo lakumanzere. Akwati akudikira inu."

Anabwezeretsa. Ng'oma zinagunda mpaka malata kunjenjemera, ndipo oyamba kulowa m'bwalo anali mboni zake zomwe.